Mayi Aminatu Anasaina Katatu

Patatsala masiku anayi kuti chipani chawo chichite msonkhano waukulu wosankha munthu wodzachiimira pa mpando wa pulezidenti, Mayi Aminatu anali atalonjeza voti yawo kwa anthu atatu. Votiyo inali imodzi. Kunena zoona sinalinso yawo okha, chifukwa amene anawatuma kumsonkhanoko anali amayi a nthambi ya chipani ya ku Chilobwe.

Mayi Aminatu anali telala. Mashini awo ankakhala pakhonde la shopu ya nsalu ya Mayi Naznin ku Limbe, pomwe anasokerapo zaka khumi ndi zinayi. Amayi anzawo anawasankha kukhala nthumwi chifukwa sajomba pamaliro, sayenda ndi miseche, komanso sakonda mkangano. Chomalizachi ndiye chinawapalamulitsa. Mayi amenewa mawu akuti "ayi" ankawalemera pakamwa ngati thumba la simenti.

Opikisana anali atatu, ndipo ku Limbe panalibe amene ankavutika nkuwatchula mayina awo enieni. Woyamba ankangoti a Mkulu, poti ndiwo anatsogolera chipanicho kuyambira kale. Wachiwiri ankati a Dokotala, osati wobaya jakisoni koma wa zachuma, munthu wamagalasi wolankhula ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Wachitatu ankati a Kabaza, chifukwa pamisonkhano ankafika atakwera njinga yamoto, galimoto zawo zikubwera pang'onopang'ono m'mbuyo.

Kusaina koyamba kunachitikira ku Sunnyside. A Kingsford, gavanala wa chipani m'dera lawo, anaitanira nthumwi zonse kunyumba ina yampanda kuti akakambirane za mayendedwe a kumsonkhano. Atafika anapeza makamera atatcheredwa kale pa kapinga. Aliyense anapatsidwa chitenje cha nkhope ya a Mkulu nkuuzidwa kuti avale msanga. Kenako a Kingsford anaima kutsogolo nkuyamba kuwerenga.

"Ife nthumwi zonse za dera lino tagwirizana ndi mtima umodzi kuti a Mkulu apitirize."

Mayi Aminatu anacheukira a Alidi, nthumwi ya ku Manja, amene anaima pambali pawo.

"Kodi tagwirizana liti?" ananong'ona.

"Ombani m'manja, mayi," anayankha a Alidi mano ali pamtunda. "Kamera yaloza kuno."

Anaomba. Pepala linayenda, ndipo nawonso anasaina. Za mayendedwe sizinatchulidwe nkomwe.

Kusaina kwachiwiri kunawapeza pakhomo pawo. Akazi a a Dokotala anafika okha ku Chilobwe kudzapepesa maliro a azakhali a Mayi Aminatu, omwe anaikidwa miyezi iwiri m'mbuyomo. Anavula nsapato, anakhala pamkeka, anamwa tiyi wopanda mkaka osakwinya nkhope. Potsanzika anatulutsa pepala m'chikwama. Munthu wodzakupepesa maliro ungamubweze bwanji manja lende? Mayi Aminatu anasaina.

Kwachitatu kokha anasaina ndi mtima wonse. A Kabaza anatulukira mu Limbe tsiku lina masana, fumbi lili koboo, anthu akuthamanga m'mbuyo mwawo. Anadya tchipisi cha pachiwaya ndi manja, anavina ndi oitanira minibasi, kenako anakwera pakhonde pomwepo nkukhala pampando wa Mayi Aminatu. Anapalasa mashini pang'ono nkuthyola singano, anthu nkuseka.

"Mayi awa ndi mayi anga," anatero a Kabaza. "Ine ndikalowa, palibe adzakuchotseni pakhonde. Telala aliyense mashini amagetsi. Magetsiwo sadzazimanso."

Mayi Aminatu misozi inalengeza. Chiyambire palibe munthu wamkulu amene anakhalapo pampando wawo. Pepala litafika sanafunse nkomwe kuti linali la chiyani.

Tsopano tsiku linali kuyandikira ndipo mutu wawo unaima. Aliyense amene anamufunsa nzeru ankangowonjezera mutu kuwawa. Amuna awo, a Kalimu, amene ankayendetsa lole ya katundu wa m'mashopu opikulitsa, analibe chikaiko.

"Amake Rania, nkhani yake ndi Kabaza basi. Munthu uja wanena kuti mizere ya mafuta itha m'sabata imodzi. Inu mukudziwa mmene ndimapsera ndi dzuwa pa filingi sitesheni."

"Itha bwanji, bambo ake Rania?"

"Zimenezo akudziwa yekha. Chachikulu wanena."

M'minibasi ya ku Limbe nkhani inali yomweyo. Mayi wina anati a Mkulu ndiye eni chipani, enawa ndi ana adzulo. Bambo wina wa tayi anati dziko likufunika munthu wa sukulu. Kondakitala anati a Dokotala sanakwerepo minibasi, ndiye angadziwe chiyani. Wina anati abusa akutiakuti aloza a Mkulu, wina anati woimba wotchuka waloza a Kabaza, ndipo wina kumbuyo anati onsewo ndi amodzimodzi, dalaivala angowonjezera wailesi. Mayi Aminatu aliyense akalankhula ankagwedeza mutu kuvomera, moti potsika anali atagwirizana ndi minibasi yonse.

M'mawa womwewo, asanalowetse ulusi pa singano, a Kingsford anafika pakhonde. Sanakhale pansi.

"Mayi athu, mwatichititsa manyazi," anatero motsitsa mawu. "Ndamva kuti mwasaina kwa Dokotala, mwasainanso kwa Kabaza. Chonsecho ife tinaendosa kale a Mkulu, tinanena poyera kuti tili kumbuyo kwawo, inu muli pomwepo, dziko lonse likuona pa kanema."

"A gavanala, ine ndimangolemekeza alendo."

"Kulemekeza kwake kumeneko? Kumeneko ndi kuvota katatu. Mayina onsewa amalowa mu kompyuta. Dzina likatuluka katatu amakuitanani pa maikolofoni, pamaso pa nthumwi za dziko lonse, apolisi ali pomwepo."

 Mayi Aminatu anadziona akutuluka mu holo atagwidwa mkono, hijabu ili pambali, anthu a ku Chilobwe akuonera pa kanema.

"Ndiye nditani, a gavanala?"

"Ndikuthandizani poti ndinu athu. Mundipatse chiphaso chanu cholowera mumsonkhano. Inu mukhale kunyumba, munene kuti mwadwala. Voti yanu ndikaisamalira ine. Ndibwera mawa nthawi ya nkhomaliro."

Tsiku lonselo ntchito sinayende. Anali ndi mantha, anali ndi manyazi, ndipo pansi pa zonsezo panali chisoni. Amayi makumi asanu ndi limodzi anakweza manja powasankha. Akapereka chiphaso, amayi onsewo sadzakhala ndi munthu mu holo muja. Akapanda kupereka, ndiye za apolisi zija. Anatulutsa chiphasocho m'chikwama, anachiyang'ana, anachibwezera, kenako anachitulutsanso.

M'mawa mwake kunabwera Mayi Gertrude kudzatenga diresi lawo. Iwowa anali aneba awo ku Chilobwe, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankadzipereka ku bungwe lina lophunzitsa anthu za zisankho. Analitambasula diresilo, analitembenuza, kenako anakhala pabenchi.

"Aneba, zaka zonsezi mwandisokera sindinadandaulepo. Koma lero matumba onse awiri mwasoka mozondoka. Ndiziikamo chiyani, choti chizigwera pansi? Tandiuzani chavuta."

Mayi Aminatu anafotokoza zonse, kuyambira ku Sunnyside mpaka pa maikolofoni. Mayi Gertrude anamvetsera osadula mawu, ngakhale pena milomo inkanjenjemera pofuna kuseka.

"Pamapepala atatuwo, panali lina lomwe munaponya m'bokosi?"

"Ayi. Anatenga eni ake."

"Ndiye simunavote, ngakhale kamodzi. Zimene akuti kuendosazo ndi kungonena poyera kuti ine ndikukonda uje. Ndi maganizo chabe. Anganene ndi gavanala, anganene ndi shehe kapena m'busa, anganene ndi woimba, ufulu ndi wawo. Koma voti ndi yapatsikulo. Munthu akhoza kusaina lero, mawa nkumva zina nkusintha mtima. Palibe wapolisi amamanga munthu chifukwa chosintha mtima."

"Nanga kompyuta ija?"

"Ine si wa chipani chanu, ndiye ndisakuyankhireni za m'mutu. Zipani zimasiyana. Zina pa chisankho cha chipulula anthu amaima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna, zina amaponya m'bokosi. Pokupatsani chiphasochi, sanakupatseni malamulo a msonkhano?"

Mayi Aminatu anayang'ana pansi.

"Anandipatsa kabuku."

"Kali kuti?"

"Mashiniwa amagwedezeka, aneba. Khondeli ndi lokumbika."

Kabuku ka malamulo kanali kopindidwa pawiri pansi pa mwendo wa mashini, komwe kanagwira ntchito mokhulupirika kwa milungu itatu. Anathandizana kunyamula mashiniwo, Mayi Gertrude nkukasasa fumbi. Kanali ka m'Chichewa, kamasamba asanu ndi atatu. Anawapatsa eni ake kuti awerenge okha mokweza.

Malamulowo anali osavuta. Voti idzakhala yachinsinsi. Nthumwi iliyonse idzalowa ndi chiphaso chake pamodzi ndi chitupa cha unzika. Palibe wovotera mnzake. Wolanda kapena kusunga chiphaso cha mnzake wapalamula mlandu ku chipani. Za kompyuta yotulutsa mayina a osaina munalibemo ngakhale mzere umodzi.

"Ndiye a gavanala akanandivotera bwanji?" anafunsa Mayi Aminatu.

"Sakanakuvoterani. Chiphaso chikakhala m'thumba mwawo, inu simulowa, nkhani yatha. Sakudziwa komwe kuli mtima wanu, ndiye aona kuti bola mukhale kunyumba."

Mantha aja anayamba kusanduka mkwiyo. Komabe funso lalikulu linali lidakalipo.

"Chabwino, ndipita. Koma ndikasankhe ndani? Inu ndinu ophunzira, tangondiuzani."

"Ndikakuuzani ndikhala munthu wachinayi wokusainitsani. Chimene ndingakupatseni ndi mafunso. Munthu akalonjeza chinthu, funsani kuti achita bwanji, zipangizo zake azitenga kuti, ndipo m'mbuyomu anachitapo chiyani chooneka. Funsaninso ngati zimene wanena kwa inu ndi zomwe akunena kwa ena. Mukumbukirenso kuti uku sikusankha pulezidenti wa dziko. Mukusankha munthu amene chipani chanu chidzamuike pamaso pa dziko, ndiye asakhale wokoma pakhonde pano pokha."

Mayi Naznin, eni shopu, anali ataima pakhomo ndi lumo m'manja, ndipo anamva zambiri mwa izi.

"Mayi Aminatu, pepani ndilowererepo," anatero. "Ine sindivota nawo kumeneko, ndipo amene ndimamukonda ndimamudziwa ndekha. Koma tsiku lija a Kabaza atachoka pakhonde pano, madzulo ake anakumana ndi ife eni mashopu. Anatiuza kuti akalowa adzasesa makhonde onse a mu Limbe, mavenda ndi matelala omwe, kuti makasitomala aziyenda bwino. Ena anaomba m'manja. Ine ndinaganiza za inu. Ndimasowa poyambira kukuuzani, poti ndinaona mmene munasangalalira."

 Mayi Aminatu zinawapweteka kwambiri, chifukwa munthu uja anawatchula mayi ake pagulu.

"Ndiye a Kabaza ayi?" anafunsa.

"Sindinatero," anayankha Mayi Gertrude. "Enawonso muwayeze ndi muyeso womwewo. A Mkulu akhala pampando zaka zambiri, achita chiyani? A Dokotala amadziwa mabuku, koma anayendetsapo chiyani chomwe anthu angaloze? Chinanso, aneba, mwafunsa minibasi yonse, mwafunsa amuna anu, mwafunsa ine. Amayi amene anakutumani aja mwawafunsa?"

Funso limenelo linawachititsa manyazi kuposa za matumba zija. Sanawafunse.

Nthawi ya nkhomaliro a Kingsford anafika monga ananenera, dzanja atatambasula kale.  Mayi Aminatu anatsegula kabuku kaja pa tsamba lachinayi nkukaika pamwamba pa mashini.

"A gavanala, ndawerenga. Chiphaso sindipereka."

"Mayi athu, ndani wakusokonezani?"

"Ndinasokonezeka ndekha kalekale. Pano ndiye ndikuwongoka. Ayi, a gavanala."

Mawu aja anatuluka, ndipo denga la khonde silinagwe. A Kingsford anayang'ana kabukuko, anayang'ana Mayi Gertrude amene anali chikhalire pabenchi, anati tikaonana komweko, nkutsika masitepe.

Tsiku lotsatira masana amayi a nthambi anasonkhana pabwalo la Mayi Hajira, wapampando wawo. Amene akuganiza kuti apa zinthu zinayera sakuwadziwa amayi a ku Chilobwe. Ena anali a a Mkulu, ena a a Dokotala, ndipo ena za makhonde zija anati ndi bodza la eni mashopu. Panali phokoso moti nkhuku zinathawa. Mayi Aminatu anaulula zosaina katatu, amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa, kenako atatu anavomera kuti nawonso anasainapo kawiri.

Mayi Hajira ndiwo anaduladula nkhani.

"Amayi, dzina sitigwirizana, ngakhale tikhale pano mpaka mawa. Tiyeni tinene zimene tikufuna."

Apo pokha mawu anakhala amodzi. Ankafuna madzi azituluka m'mipopi osati kawiri pa sabata. Ankafuna mankhwala azipezeka kuchipatala. Ankafuna malo ogulitsirapo malonda osathamangitsidwa, ndiponso ntchito za ana awo amene anamaliza sukulu nkungokhala.

"Mwamva, Mayi Aminatu," anatero Mayi Hajira. "Kumeneko onse atatu akalankhula. Mukamvetsere ndi makutu athu. Amene akanene momveka kuti zimenezi azichita bwanji, mukamuponyere. Sitikakufunsani dzina. Tikakufunsani zimene mwamva."

Patsiku la msonkhano Mayi Aminatu anavala diresi losoka okha, lopanda nkhope ya munthu. Pageti la holo panali chipwirikiti, nyimbo zitatu zikuimbidwa nthawi imodzi. Ali pamzere anamva wina akuwaitana. Anali a Alidi a ku Manja, ataima kunja kwa mpanda, foni ili kukhutu.

"Mayi, mwawaona a gavanala? Foni yawo siikupezeka."

"Chiphaso chanu chili kuti, a Alidi?"

A Alidi anagwetsa nkhope. Nawonso anasaina kawiri, nawonso anauzidwa za kompyuta ndi apolisi, ndipo anapereka. Usiku wonse mtima sunawalole, ndiye analawira kuti mwina akapempha awabwezera.

"Tinalipo asanu ndi anayi amene tinapereka," anatero. "Enawo akhala kunyumba. Akuti adwala."

Mayi Aminatu anadzimvera chisoni kuti sanaganize zoimbira foni nthumwi zinzawo. Anachoka pamzere, anawagwira a Alidi malaya ngati mwana, nkupita nawo patebulo la oyendetsa chisankho. Anafotokoza okha, mawu osanjenjemera. Oyendetsa chisankho anafufuza m'kaundula, anapeza dzina la a Alidi, anayerekeza nkhope ndi chitupa cha unzika, nkuwalembera chiphaso china. Analembanso dandaulo lawo kuti likafike ku komiti yosungitsa mwambo.

Mu holo opikisana analankhula mmodzimmodzi. Wina anaimbitsa nyimbo nthawi yake yonse. Wina anatchula madzi nkufotokoza poyambira, koma za misika anazilumpha. Wina ananena zambiri za kale kuposa za mawa. Panalibe amene anakwana mbali zonse, ndipo Mayi Aminatu anaona kuti kusankha ndi ntchito yolemetsa. Koma ulendo uno ankadziwa chimene akumvetsera. Dzina lawo linaitanidwadi pa maikolofoni, monga linaitanidwira la nthumwi ina iliyonse, kuti akalandire pepala lovotera. Analowa m'kachipinda okha, anachonga, anapinda, anaponya.

Mavoti atawerengedwa pamaso pa onse, pa nthumwi zopitirira chikwi, wopambana anaposa wachiwiri ndi mavoti asanu okha. Holo inagwedezeka. A Alidi sanaimbe nawo nyimbo. Anangowerama nkunong'ona.

"Asanu, mayi. Ndipo kwathu anthu asanu ndi atatu agona kunyumba ali bwinobwino."

Loweruka Mayi Aminatu anaimanso pabwalo la Mayi Hajira. Anafotokoza zimene aliyense mwa atatu aja ananena pa madzi, pa mankhwala, pa misika ndi pa ntchito, osawonjezera osachotsera. Ena mwa amayiwo anakondwa ndi amene anapambana, ena anakhumudwa, koma panalibe amene anati sanaimiridwe.

"Ndatsala ndi mawu amodzi, amayi," anatero pomaliza. "Chisankho cha dziko lonse chikubwera, ndipo atipezanso m'makomo muno ndi zitenje, mapepala ndi malonjezo. Mlendo mulandireni, mupatseni mpando. Koma mtsogoleri akaloza munthu, amenewo ndi maganizo ake, si lamulo kwa inu. Wolonjeza mufunseni kuti achita bwanji. Chiphaso chanu chovotera musapatse munthu aliyense, kaya ndi gavanala, kaya ndi mbale wanu. Ndipo patsikulo mudzapite nokha. Anthu asanu ndi atatu anaopsezedwa nkukhala kunyumba, ndipo mtsogoleri anasankhidwa ndi mavoti asanu iwo kulibe."